Tsiku Limene Zenera Anamvera

1. Kampata

Dzina lakuti Zenera sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa akaseka pankaoneka kampata pamene panayenera kukhala dzino lakutsogolo. Ana asukulu alibe chisoni. Poyamba ankalira nalo dzinalo, kenako analizolowera, mpaka aphunzitsi omwe anayamba kumuitana choncho.

Zenera ankakhala ndi achimwene ake, oyendetsa thiraki, pamodzi ndi akazi awo. Achimwenewo ankamukonda mlongo wawo, koma munthu wa pamsewu nyumba amangoilawa. Masiku ambiri m'nyumbamo munkatsala anthu awiri, Zenera ndi Alamu.

Alamu anali ndi saluni m'chipinda chakutsogolo. Pamaso pa makasitomala anali munthu wansangala, woseka mpaka misozi. Kasitomala womaliza akangotuluka, nkhope inkazima ngati getsi. Lamulo lawo linali limodzi: za m'nyumba muno zimathera m'nyumba muno.

Chachikulu chimene Alamu ankabisa chinali matenda a shuga. Ankadzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo atakhoma chitseko, ngati kuti matendawo anachita kuba. Zenera ali Fomu 1, kasitomala wina anafunsa kuti Alamu achedwa chiyani kuchipinda. Iye, posadziwa, anayankha kuti akubaya jakisoni wa shuga.

Kasitomala uja atapita, mbama inalira. Zenera anakamenyetsa pakamwa pasinki yotsukira tsitsi, dzino n'kugwera pansi lathunthu, ndi muzu womwe. Alamu analitola ndi tishu n'kuliponya m'bini.

"Achimwene ako akabwera ukanene kuti unagwa posewera mpira," anatero. Ndipo Zenera ananena zomwezo.

Patapita miyezi, kusukulu kunabwera namwino wophunzitsa za mano. Ananena kuti dzino likaguluka lathunthu osalitaya, kulinyika mumkaka n'kuthamangira nalo kuchipatala, chifukwa madokotala amatha kulibwezeretsa. Tsiku limenelo Zenera sanadye. Anasunga chakukhosi, ndipo anachisamala bwino kuti chisafote.

2. Tsaya la Alamu

Zenera atafika Fomu 3, dzino linawatembenukira Alamu. Linali la m'kati, kumapeto kwenikweni, lobooka. Linayamba ndi kunyerenyetsa akamwa madzi ozizira, kenako linayamba kugunda usana ndi usiku. Alamu anayesa zonse zimene makasitomala ankawauza: madzi amchere, adyo, mpaka kuphwanya piritsi la mutu n'kulitsendera pabowopo. Piritsilo linangowawotcha nkhama, ululu uli pomwepo.

Anapita kuchipatala cha pafupi. Kumeneko anawabaya chala n'kupeza shuga ali m'mwamba. Dokotala anakana kuzula dzinolo tsiku lomwelo. Anawapatsa mankhwala olimbana ndi mafinya, n'kuwauza kuti akaonane kaye ndi adokotala a shuga, kenako abwerenso msanga. Alamu anabwerako akutukwana njira yonse. Mankhwala aja anamwa mpaka ululu utachepa, otsalawo n'kuwaiwala pawindo. Kwa adokotala a shuga sanapondeko.

Posakhalitsa tsaya linafufuma. Diso lamanzere linachepa, pakamwa pankangotseguka pang'ono. Saluni inatsekedwa. Alamu ankazungulira m'nyumba atagwira tsaya, akubuula.

Tinene zoona, Zenera anasangalala. Mbale ankatsuka akuimba chamumtima. Akamva kubuula kuchipinda, ankapititsa lilime pakampata kake n'kumwetulira.

M'mawa wina, sukulu ili pa holide, Alamu anamuitanira kuchipinda.

"Vala undiperekeze. Tikupita kuchipatala china, kumene sakundidziwa."

Anali atakhala pabedi, kabotolo ka insulini, mankhwala awo a shuga, kali m'manja. Zenera ankadziwa pamene mankhwala amalekezera m'jakisoni masiku onse, chifukwa achimwene ake anamuonetsa kuti azithandiza iwo akachokapo. Tsiku limeneli Alamu anakoka mpaka kupitirira. Tiyi ndi buledi zimene Zenera anakonza zinali patebulo, osakhudzidwa.

"Alamu, simudya?"

"Ndakufunsa? Ndikadya shuga akwera, akandibwezanso. Kasitomala wanga wina anachita chomwechi, anamuzula bwinobwino. Ndipo tamvera. Tikakafika uko, za shuga usakatchule. Ukakangotsegula pakamwa pakopo, ukudziwa kale zimene zimachitika."

Zenera anawayang'ana akubaya. Ankadziwa bwino lomwe kuti jakisoni wotero, m'mimba mulibe kanthu, akhoza kupha munthu.

"Chabwino, Alamu. Sindikanena kanthu."

Anayankha mwaulemu kuposa masiku onse.

3. Chenjezo la Alandilodi

Pageti anapeza Alandilodi, eni nyumbayo, atakhala pampando wawo wapulasitiki akupukuta nsapato. Anali bambo wachikulire amene ankakhala m'nyumba yakuseri. Nawonso anali ndi shuga, ndipo za Alamu ankazidziwa chifukwa anakumanapo pamzere wolandira mankhwala. Alamu anawapatsa moni wa pamphuno n'kupitirira kukaima kumsewu. Alandilodi anakodola Zenera.

"Mdzukulu, tabwera kuno. Tsaya la alamu akolo ndaliona, silinandisangalatse. Ine shuga ndakhala naye iwe usanabadwe, ndiye ndikamalankhula usamati ndi nkhalamba yongobwebweta. Dzino kwa munthu wa shuga si nkhani yamasewera. Mafinya akalowa m'nkhama, shuga amakwera. Shuga akakwera, mafinya amachuluka, chilonda sichipola. Ziwirizi zimadyetsana. Mnzanga wina amene ndinkagwira naye ntchito ankati ndi dzino chabe, lisiya lokha. Kutupa kunatsikira kukhosi, anayamba kulephera kumeza ndi malovu omwe. Tinakamuika m'manda mano ena onse ali bwinobwino.

"Ndiye mvetsa. Mukakafika, dokotala adziwe kuti ali ndi shuga, adziwenso mankhwala amene amabaya. Dokotala akakubweza sikuti akudana nawe, akukufunira moyo. Chachiwiri, munthu wobaya jakisoni sayenda ndi njala. Adya m'mawa uno?"

Zenera anayang'ana nsapato zimene zinali pansi.

"Adya, Agogo."

"Zakhala bwino. Komabe tenga awa." Alandilodi anapisa m'thumba la jekete n'kumuthira maswiti m'manja. "Ine sindiyenda opanda amenewa. Pamzere pamachedwetsa. Ukakaona akutuluka thukuta, manja akunjenjemera, kapena akulankhula zosamveka ngati aledzera, udziwe kuti shuga watsika. Usakadikire. Ukawapatse switi, n'kuitana anamwino nthawi yomweyo. Akakakomoka usawaike kanthu m'kamwa, angatsamwe, ukangokuwa basi. Shuga wokwera amapha pang'onopang'ono, koma wotsika sachedwa."

Zenera anaika maswiti aja m'thumba la siketi. Ankati azipita, koma mkuluyo anamugwira dzanja.

"Sindinamalize. Khoma la nyumba yanuyo ndinamanga ndine, ndikudziwa kupyapyala kwake. Ndimamva. Ndikudziwa kuti iwe ndi alamu ako simumwerana madzi. Koma mwana wanga, munthu akakulakwira umuuze ali chilili, akutha kukuyankha. Kumudikirira kuti adwale n'kwa anthu amantha. Ndipo maliro sanabwezerepo munthu chimene anataya. Wandimva?"

"Ndamva, Agogo."

Kumva anamvadi, koma mawuwo anakafikira pamwala.

4. Pamzere

Chipatalacho chinali ndi khonde lalitali la mabenchi, lonunkha mankhwala otsukira pansi. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha mano oyera mbee, ngati chikuseka anthu amene anakhala pansi pake atagwira masaya. Kuseri kwa chitseko kunkamveka kulira kwa makina obowolera mano, ndipo akalira aliyense pabenchi ankafinya nkhope.

Namwino wolandira odwala anayang'ana tsaya la Alamu n'kupukusa mutu.

"Mayi, mwachedwa nalotu. Muli ndi matenda ena? Shuga? BP?"

"Ayi," anatero Alamu.

Namwinoyo anaponya diso kwa Zenera. Zenera anali kalikiliki kuwerenga chithunzi cha mano chija.

Anakhala pabenchi. Mzere unkayenda mwaulesi, pakuti dokotala anali mmodzi. Dzuwa linakwera mpaka kufika pamawindo. Alamu anayamba kuyasamula, kuyasamula kowawa chifukwa pakamwa sipankatseguka. Kenako pamphumi panatuluka thukuta, chonsecho m'khondemo munkazizira. Anatulutsa foni m'chikwama, foni n'kupulumuka m'manja. Zenera anaitola n'kuwapatsa. Zala za Alamu zinali zozizira, zikunjenjemera.

Bambo wina amene anakhala pambali pawo anafunsa ngati ali bwino. Alamu anamuyankha mwachipongwe, mawu akukokeka, osamveka mutu wake.

"Mayiwa alawako kam'botolo," ananong'ona mayi wina kumbuyo. "Ena amatero poopa kuzulidwa." Anthu anaseka chamunsimunsi.

Zenera yekha ndiye ankadziwa chimene chinkachitika. Zonse zimene ananena Alandilodi zinali pamaso pake, chimodzichimodzi. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa switi. Anaisenda pang'onopang'ono, kapepala kakulira.

Alamu anatembenuka. Maso awo anakakamira paswitiyo.

"Ze... Zenera. Ndi... ndipatse."

Kunali koyamba Zenera kumva Alamu akupempha. Kunamukomera kuposa nyimbo. Anakweza switiyo n'kuiponya m'kamwa mwake.

"Munati mukadya akubwezani, Alamu," anatero motsitsa mawu. "Ine ndikungomvera."

Anaiyamwa akuwayang'ana m'maso, n'kuikankhira ndi lilime pakampata paja kuti aione bwino. Itatha anasenda ina. Dzanja la Alamu linanyamuka pang'ono, n'kugweranso pamwendo.

Musaganize kuti Zenera ankafuna maliro. Ankafuna Alamu apemphenso kachiwiri, mwina kachitatu, alawe kusowa wowathandiza. Switi yomaliza anawasungira ndithu. Koma shuga sapangana ndi munthu. Mutu wa Alamu unapendekeka, thupi linatsetsereka pabenchi, ndipo anagwera pasimenti.

5. Lankhula

Anthu anabalalika. Mayi amene ankaseka uja ndiye anayamba kukuwa. Namwino anathamanga, n'kugwada pambali pa Alamu, n'kuwagoneka cham'mbali.

"Wabwera ndi mayiwa ndani?"

"Ndine."

"Amadwala chiyani? Khunyu? Mtima? Amwa mankhwala anji lero?"

Switi inali ikadali m'kamwa mwa Zenera. Miyendo ya Alamu inayamba kugwedezeka, nsapato imodzi n'kuvuka. Nkhope yotupa ija inali itachita mbuu. Sanalinso Alamu a mbama aja. Anali mkazi wa achimwene ake, ali pansi, akupita.

Namwino anamugwira Zenera paphewa n'kumugwedeza.

"Mtsikana iwe, lankhula. Munthuyu tikumutaya."

"Shuga," anatero Zenera. Mawu anatuluka okha, mothamanga. "Ali ndi shuga. Abaya jakisoni wambiri m'mawa, sanadye kanthu."

Namwino sanafunsenso china. Anabaya chala cha Alamu, anayang'ana kamakina, n'kuitana anzake. Anawanyamulira m'chipinda, wina akuthamanga ndi diripi, chitseko n'kutsekedwa.

Zenera anatsala pakhonde atanyamula nsapato imodzi. Analavulira switi ija m'bini. Kutsekemera kunakanirira kukhosi. Mantha anamugwira, mantha enieni.

Patapita nthawi anamuitana. Dokotala wa mano anali mayi wa imvi, wa magalasi olendewera pachingwe. Anamuuza kuti akhale.

"Alamu ako atsitsimuka, tawapatsa shuga m'mitsempha. Koma usasangalale msanga, nkhani sinathe. Mafinya a dzino lija atsikira kunsi kwa chibwano, akulowera kukhosi. Akapitirira atseka njira ya mpweya. Kuno sitingathe, tikuwatumiza kuchipatala chachikulu kuti akawang'ambe n'kuchotsa mafinyawo. Amuna awo tawaimbira pafoni yawo. Mwamwayi thiraki yawo inali italowa kale m'tauni, akubwera.

"Tsono mwana wanga, zimene ndikuuzezi ukauze aliyense wa shuga amene ukumudziwa. Dokotala sanamizidwa. Ukabisa matenda, amene wamupusitsa ndi iwe mwini. Akanandiuza pofika, sakanakhala pamzere, ndikanawaona oyamba. Mankhwala a shuga munthu sawonjezera yekha kuti kamakina kaonetse zabwino. Kamakinako si mphunzitsi woti umubere mayeso. Tsiku lokaonana ndi dokotala wa mano, munthu adye monga mwa masiku onse, abaye monga mwa masiku onse. Ngati sakutha kutafuna, amwe zamadzimadzi, ndipo afunse kuchipatala kuti achite bwanji. Mankhwala a mafinya ukapatsidwa, umalize onse. Ndipo tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kumeza n'kumavuta, kumeneko sikudikira kuti kuche."

Dokotalayo anavula magalasi n'kumuyang'ana mwachifundo.

"Iwe wachita bwino kulankhula. Ukanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Ndikudziwa kuti anakuletsa, ndipo kuphwanya lamulo la akulu kumafuna mtima. Kungoti ulendo wina muzitenga kanthu kotsekemera. Switi imodzi yokha ikanatipeputsira zonsezi."

Zenera akanakonda kutukwanidwa. Anakanikiza dzanja pathumba la siketi kuti timapepala tisalire.

6. Pamachira

Alamu anali pamachira pafupi ndi khomo lakumbuyo, akudikira ambulansi. Diripi inali padzanja, khosi litatupa mpaka chibwano osaoneka. Ankapuma mokoka. Namwino atapita kukatenga bulangete, anthu awiriwo anatsala okha.

Zenera anaika nsapato ija kumiyendo kwawo. Alamu anatsegula diso lomwe linkatha kutseguka.

"Sendera kuno."

Mawu anali ochepa, otuluka m'mano. Zenera anawerama.

"Pakamwa pankakanika, koma maso ankaona. Ndinakupempha."

"Ndinawauzatu anamwino, Alamu. Ndine ndinanena."

"Utamaliza kudya." Alamu anapuma, anameza movutika. "Ndikafa, uziyenda nazo moyo wako wonse. Ndikachira, m'nyumba muja mmodzi atuluka."

Mantha amene anali mwa Zenera anasanduka mkwiyo nthawi yomweyo. Chisoni chimene chinayamba kumera pakhonde paja chinauma.

"Mukawauza achimwene za maswiti, ine ndiwauza mpira umene unandigulula dzino."

Anayang'anizana. Palibe amene anaphethira.

Kunja kunamveka ambulansi ikubwerera chakumbuyo. Nthawi yomweyo m'khonde munamveka mapazi olemera, ndipo achimwene anatulukira, ovololo ili yamafuta, maso ali ofiira. Anagwira mkazi wawo pamphumi, kenako anatembenukira kwa Zenera n'kumukumbatira mpaka kumunyamula.

"Mlongo wanga, adokotala andiuza zonse. Wandipulumutsira mkazi. Ndilibe mawu, mlongo wanga, ndilibe mawu."

Misozi ya achimwene inamugwera pakhosi. Zenera sanathe kukweza manja kuti nayenso awakumbatire. Podutsa paphewa lawo ankaona diso la Alamu likumuyang'ana.

Anthu a ambulansi anagwira machira kuti anyamule. Alamu anakweza dzanja la diripi lija kuwaimitsa. Kenako anakodola amuna awo ndi chala chimodzi.

"Usalankhule, mayi, sunga mphamvu," anatero achimwene.

Chala chija chinakodolanso.

Achimwene anamusiya Zenera, anagwada pambali pa machira, n'kuika khutu pakamwa pa mkazi wawo.